Lipoti la ulendo wathu wa ku Chipata: pa boda ya Mchinji ndi ku misika ya anzathu

Pa msonkhano wathu wapitawu munagwirizana kuti ife amene tinasankhidwa kupita ku Chipata, tikabwerako tilembe zonse, kuti otsala asamangomva za m'maluwa. Ndalemba monga ndinaonera ine, ndipo anzanga amene tinali nawo adzawonjezera pamene ndadumpha. Kwa owerenga amene satidziwa, ndife gulu la amalonda ang'onoang'ono odutsa malire la ku Lilongwe. Ambiri mwa ife ndi amayi, ndipo geni yathu ndi mpunga, nyemba, mtedza, usipa ndi zitenje. Tinapita kukacheza ndi gulu la anzathu a geni ngati yomweyi ku Chipata, amene anatiitana kuti tikaone momwe iwo amayendetsera zinthu.

Tinanyamuka kusanache pa minibasi yomwe tinachita hayala ndi ndalama za m'thumba la gulu. Msewu wake mumaudziwa: Msundwe, Namitete, Kamwendo, makilomita oposa pang'ono 100 kukafika pa boma la Mchinji, kenako kamtunda kochepa kukafika pa boda.

Amene munasiya kudutsa pamenepa kalekale mukukumbukira kuti munthu unkadindiritsa mbali ya kwathu, n'kunyamulanso katundu kukaima pa mzere wina ku Mwami. Zimenezo zinatha. Mu December 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegulira nyumba zatsopano, zomangidwa ndi thandizo la African Development Bank, ndipo tsopano umaima kamodzi, ogwira ntchito a mayiko awiriwa ali pansi pa denga limodzi. Koma chimene chinatiimitsa nthawi yaitali pa bodapo ndi kadesiki kakang'ono kothandiza amalonda, komwe ambiri a ife timangokapitirira. Ofesala wa pamenepo, amene amamutcha TIDO, ntchito yake ndi kufotokozera wamalonda wamng'ono malamulo ndi kumuthandiza kulemba mafomu.

Bamboyo anayala mapepala patebulo n'kuyamba kuchokera pachiyambi. Malawi ndi Zambia onse ali mu COMESA, bungwe la mayiko 21 lomwe likulu lake lili ku Lusaka, ndipo kuyambira mu 2000 katundu wolimidwa kapena wopangidwa m'dziko lina mwa awiriwa salipira msonkho wolowetsera katundu akamalowa m'dziko linzake. Vuto linali loti mapepala otsimikizira kumene katundu wachokera ankatengedwa ku maofesi a m'tauni, ndipo mayi wa matumba atatu a nyemba sakanatha kuwathamangira. N'chifukwa chake mu 2010 anayambitsa njira yapafupi yotchedwa STR pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Ngati mtengo wa katundu wako sukuposa malire amene anaikidwa, ndipo katunduyo ali pa mndandanda umene mayiko awiriwa anagwirizana, umalemba fomu yachidule pa boda pomwepo, osalemba ejenti.

Msungichuma wathu anali atanyamula dala matumba a nyemba ndi mtedza kuti tione ndi maso. Anakhala pa benchi, cholembera m'manja, ofesala akuwalozera ndi chala mzere uliwonse: dzina, mtundu wa katundu, kulemera kwake, mtengo umene anagulira. Pa mtengopo anazengereza, monga timachitira tonse, poopa kuti akalemba zoona awadula.

"Mayi, lembani mtengo weniweni," anatero bamboyo. "Mukachepetsa, a kasitomu akakayika, mudzachedwa nokha."

Analemba. Matumba anawaona, chidindo chinagwa, analipira pa windo n'kulandira lisiti. Titatuluka panja anatiuza kuti ndalama imene analipira inali yochepa poyerekeza ndi imene amapereka kwa anyamata a kabaza akamadutsitsa katundu pa zalewa, njira zozemba boda zija, osawerengera zimene amasiya m'njira akakumana ndi anthu owaimitsa m'tchire. Apa ndi pamene mtima wanga uli, abale anga. Pa zalewa tataya katundu, ena mwa amayi athu achitidwa zinthu zimene sanganene pagulu, ndipo ukaberedwa kumeneko ulibe kokadandaula, chifukwa iwenso unali wozemba. Tikuopa geti chifukwa cha msonkho umene pa katundu wathu wambiri kulibe.

Ndisakunamizeni kuti zonse ndi zaulere. STR imachotsa msonkho wolowetsera katundu wokha. VAT ndi misonkho ina ya m'dzikomo, pamene ikuyenera, umalipirabe. Kaunjika, mafoni ndi zinthu za ku China sizilowa m'njira imeneyi, chifukwa sizinapangidwe kuno. Mbewu zina zimafuna chilolezo cha unduna wa zamalonda ndi chikalata cha a zaulimi chotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo zimenezi muyambe mwazifunsa musanakweze katundu. Chimanga ndiye nkhani ina. Mu 2024, chilala chitavuta, mayiko onse awiri analengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi ndipo Zambia inaletsa kutulutsa chimanga, kotero amene akufuna geni imeneyo azitsatira zolengeza za boma chaka ndi chaka. Inu odutsa pa Dedza kupita ku Tete dziwaninso kuti Mozambique sili mu COMESA, ndiye fomu ya ku Mchinjiyi musayembekezere kuti ikagwira ntchito kumeneko.

Anatikumbutsanso za ufulu wathu pa boda, ndipo ndikufuna mayi aliyense aziloweze pamtima: mkazi asechedwe ndi mkazi mnzake, wogwira ntchito akhale ndi chomuzindikiritsa, ndipo ndalama iliyonse imene wapereka ituluke ndi lisiti.

Ku Chipata tinafika dzuwa lili pamutu. Anatilandira ndi nyimbo, amayi atavala zitenje zofanana, ndipo pa nkhani ya chilankhulo panalibe chovuta. Wapampando wawo anati ena mwa iwo timakumana nawo kale ku Mkaika, ku Katete, pa Kulamba mu August, pamene Achewa a mayiko atatu amakagwada kwa Kalonga Gawa Undi, ndiye n'chifukwa chiyani tisamakumane pa malonda? Titadya nsima tinakhala pansi.

Chimene chinandigwira mtima ndi momwe amaodera katundu. Ife aliyense amakwera yekha, kulipira thiransipoti yekha, kugona yekha, kukanenerera mtengo yekha, ndipo pobwera phindu lonse lathera m'njira. Iwo amasonkha maoda. Mlembi amalemba m'buku kuti mayi uje akufuna matumba angati, bambo uje angati, ndalama zimalowa, kenako amatuma anthu awiri okha pa galimoto imodzi. Katundu wa membala aliyense amamulembera fomu yakeyake pa boda. Otsala amakhala akugulitsa pa benchi zawo, tsiku silitayika. Ali ndi chilimba, chomwe ndi chipereganyu chathu chomwechi, koma ndalama yake salola kuti igule china chilichonse kupatula katundu wa geni. Pa gulu lawo la WhatsApp m'mawa uliwonse wina amaponya mitengo ya pa msika, ndipo munthu sanyamuka asanapeze wogula. Buku lija analibweretsa kuti tilione, lakuda ndi manja, tsamba lililonse lili ndi siginecha ya wopereka ndi ya wolandira.

M'mawa mwake anatiyendetsa ku Kapata ndi ku Saturday Market. Mpunga wa Kilombero, wa ku Karonga kwathu, anthu a kumeneko amaufunsa ndi dzina. Mayi wina wogulitsa anatiitanira pa benchi yake, natapa mpunga m'beseni n'kuuyala pa chikhatho. Anautembenuza ndi chala mpaka tinaona tonse: timiyala tiwiri, mankhusu, ndi njere zina zazifupi zonenepa zomwe si Kilombero ayi.

"Asisi, uwu ndinagula kwa munthu wa kwanu," anatero. "Anati ndi Kilombero yekhayekha. Kasitomala akaphika osamva fungo, amabwera kudzakalipira ine."

Kenako anatulutsa paketi ya pulasitiki ya makilogalamu 5, mpunga wopetedwa bwino, wosasakaniza, dzina ndi nambala ya wolongedza zili pamwamba. Anati umenewo umatha msanga ngakhale uli wokwera mtengo, ndipo ndi wokhawo umene eni mashopu ndi malo ogona alendo amalandira. Tonse tinangoti chete. Amene amasakaniza mpunga akuona ngati achenjera, koma akuononga dzina limene alimi a ku Karonga analimanga kwa zaka zambiri, ndipo tsiku limene anzathuwa adzasiye kukhulupirira mpunga wa ku Malawi, tidzavutika tonse, osakaniza ndi osasakaniza omwe. Maganizo anga ndi oti gulu likhale ndi lamulo pa nkhaniyi, ndipo tiyambe kufufuza za kulongedza limodzi ndi kupeza chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards.

Za ndalama tinakambirana mpaka madzulo osamaliza. Kwacha yathu inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kupeza ndalama zakunja ku banki ndi kovuta kwa munthu wa mpamba wochepa. Anyamata osintha ndalama pa boda mtengo wawo umasintha ndi nkhope ya munthu. Anzathuwa anapereka nzeru yoti tisamayende ndi ndalama zambiri: tipite ndi nyemba kapena mtedza, tigulitse, ndalama ya ku Zambia yomweyo tiodere katundu wopangidwa konko, monga sopo, titafunsa kaye pa desiki ngati ali pa mndandanda. Potero umasintha ndalama yochepa chabe.

Anatifunsanso ngati timagwirizana ndi mabungwe akuluakulu a kwathu, poti iwo madandaulo awo amawadutsitsa ku bungwe la amalonda odutsa malire la dziko lonse, ndipo mndandanda wa katundu uja ukamaunikidwanso mawu awo amakafika. Ifenso zitseko zilipo. Bungwe la amayi a bizinesi la COMESA, COMFWB, ofesi yake yaikulu ili mu Lilongwe momwe muno. Kuli NABW, bungwe la amayi a bizinesi a m'dziko muno lomwe a Joyce Banda anayambitsa mu 1990, komanso MCCCI, bungwe la makampani ndi amalonda, limene limakonza chionetsero cha zamalonda ku Chichiri mu Blantyre. Tikalembetsa gulu lathu mwalamulo, tikhoza kugogoda m'malo amenewa ngati gulu, osati mmodzimmodzi.

Pa msonkhano ukubwerawu tidzabweretsa mafomu a STR osalemba kuti aliyense ayeserere kulemba, ndipo msungichuma adzaonetsa lisiti lawo. Tidzapempha kuti tivotere zinthu ziwiri: kuyamba buku la maoda, ndi lamulo loletsa kusakaniza mpunga. Anzathu a ku Chipata akuti adzabwera kuno tikakolola, ndipo akufuna kudzaona nyemba ndi mtedza wathu asanaode. Amene ali ndi malo ogoneka alendo awiri kapena atatu auze mlembi msonkhanowo usanafike, ndipo aliyense abwere ndi kapaketi ka katundu amene amagulitsa.