Zomwe namasupuni amapatsira ana ake

Gawo la maphunziro a zomera za m'madzi lomwe landigwira mtima chigawo chino ndi la zomera zomwe zimachulukana popanda njere. Namasupuni ndiye chitsanzo chomwe tonse tikuchidziwa. Kwawo ndi ku South America, koma lero wadzaza mu Shire, ndipo ku Liwonde makina amachita kumukolola kuti asakatseke malo opangira magetsi a Nkula ndi Tedzani. Amachita maluwa ndi kubala njere, inde, koma kuchuluka kwake kwenikweni kumachokera ku timphukira. Chomera chachikulu chimatulutsa kathunthu kopyapyala koyenda chopingasa pamwamba pa madzi, kumapeto kwake kumamera mwana wa masamba ndi mizu yake, kenako kathunthu kaja kamaduka, mwana n'kuyandama payekha.

Mwana wotereyu chibadwa chake n'chimodzimodzi ndi cha make. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2010, woyerekeza namasupuni wa m'maiko osiyanasiyana, anapeza kuti pafupifupi zomera zisanu ndi ziwiri mwa khumi zilizonse zomwe anaziyeza zinali za fuko limodzi lofanana DNA, yomwe imasunga uthenga wa chibadwa m'thupi la chomera. Ndiye funso lomwe tapatsidwa kulingalira ndi ili: ngati chibadwa n'chimodzi, n'chifukwa chiyani ana awiri oikidwa m'madzi amodzi amakula mosiyana?

Yankho lili m'madzi omwe mayi anakuliramo. Mayi wokulira m'madzi odzala nayitrojeni ndi fosiforasi, monga omwe amalandira feteleza wokokoloka m'minda kapena zonyansa za m'tauni, amadyetsa mwana kudzera m'kathunthu kaja nthawi yonse yomwe ali olumikizana. Poduka, mwana amachoka ndi nkhokwe ya chakudya m'thupi, amafulumira kutambasula masamba, naye amafulumira kubereka. Wa mayi wa m'madzi osowa michere amayamba moyo ali wochepa. Mlimi wa chinangwa izi sangadabwe nazo, chifukwa pofuna mbewu sadula mtengo wonyozoloka wa pamchenga, amasankha wonenepa wa pachonde ngakhale mtundu uli umodzi.

Pali njira yachiwiri, ndipo iyi ndi imene anzanga ambiri m'kalasi amaikonda chifukwa ndi yochititsa chidwi. Chilengedwe chimatha kuika tizizindikiro pa DNA, makamaka kudzera mu methylation (kumatirira kwa tizidutswa ta makemikolo pa DNA), osasintha DNA yeniyeniyo koma kusintha kagwiridwe kake ka ntchito. M'zomera zoberekana ndi njere, zina mwa zizindikirozi zimafufutika mbewu ikamapangidwa. Mphukira sidutsa pamenepo, choncho mpata woti zizindikiro zipitirire ku mibadwo yotsatira ndi waukulu. Ofufuza amayesa izi pothira mankhwala otchedwa 5-azacytidine omwe amachepetsa methylation, n'kuona ngati kusiyana kwa ana kutha. Ena amagwiritsa ntchito kaudzu kakang'ono koyandama kotchedwa Spirodela polyrhiza, popeza mibadwo yake imatsatizana m'masiku ochepa chabe.

Ine ndimaima apa: tisathamangire njira yachiwiriyi tisanaike mwanayo pasikelo. Ngati ana a mayi wodya bwino anali olemera kale tsiku lowadula, kukula kwawo msanga kwafotokozeka popanda kutchula methylation. Kuti munthu anene kuti chomera chasunga chikumbukiro cha make, ayenera kusankha ana olemera mofanana, kuwalera m'madzi ofanana, ndi kudikira mpaka adzukulu ndi zidzukulutudzi, nkhokwe ya agogo itatha. Kusiyana kukakhalapobe pamenepo, ndiye kuti pali nkhani. Ndimaona kuti kuyeza kulemera koyambirira, ntchito yooneka yachabechabe, n'kumene kumalekanitsa kafukufuku wodalirika ndi wongosangalatsa kuwerenga.

China chomwe sindikufuna kuiwala n'chakuti cholowa cha mayi si nthawi zonse chimathandiza. Namasupuni wa m'madzi osowa chakudya amamera mizu yaitali yofunafuna michere, pamene wa m'madzi achonde mizu yake imakhala yaifupi. Wothithikana ndi anzake amatalikitsa mapesi kulimbirana dzuwa, wa poyera amakhala wamfupi wa mapesi otupa omuyandamitsa. Mwana wokonzedwera malo a make akakokoloka n'kufika kwina kosiyana, kukonzekera kuja kumatha kumulemera.

Zimenezi zasintha mmene ndimaonera nkhondo yolimbana ndi udzuwu. Makina amakolola, tizilombo ta mtundu wa Neochetina tomwe tinabweretsedwa kudzadya namasupuni timafooketsa zomera, koma ana otsala m'mbali mwa mtsinje amakhala atanyamula kale chakudya cha madzi a kumtunda. Pa ntchito yanga yomaliza ndapempha kuti ndiyeze zomwezi: ana ochokera kwa amayi olerera m'mabeseni a michere yambiri ndi yochepa, olemera mofanana tsiku loyamba, ndiwatsate mpaka mbadwo wachitatu.