Inde, tinyenyezi tija ndinachotsa ndine

Popeza nkhani yoti ndinachotsa tinyenyezi (*) pa tsamba lina la pa intaneti yafika kale pa gulu lathu la WhatsApp itathiridwa mchere ndi tsabola, bola ndiinene ndekha. Sanandimange. Palibe mzungu anaimba foni kunyumba. Amene akufalitsa zimenezo ndikumudziwa, ndipo ngongole yanga ya usipa sanabwezebe.

Linali Loweruka la mu Okutobala, dzuwa la ku Mangochi lija loti ngakhale mbuzi zimasowa chonena. Ndinali pakhonde la shopu ya achimwene kufupi ndi mlatho, foni ili pa chaja. Bandulo inali yoti ifa pakati pa usiku, ndiye ndinati ndiithere pa ntchito yotukula dziko. Ndinatsegula Wikipedia, buku la pa intaneti loti aliyense atha kulembamo, pa nkhani ya Proto-Bantu, chiyankhulo chomwe akatswiri amati ndicho kholo la Chichewa, Chiyawo, Chiswahili, Chizulu ndi zina mazanamazana, chomwe ankayankhula cha kumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka masauzande zapitazo.

Kuyang'ana bwino: *ntu, *nyama, *tatu. Liwu lililonse kanyenyezi kutsogolo.

Tsono inu ndiuzeni, tinyenyezi timationa kuti? Pa Facebook, munthu akafuna kutukwana koma akuopa kuti apongozi awerenga. Mtima unandiwawa. Ndani ameneyu akuti munthu ndi chitukwano? Nyama yalakwanji? Nanga kuwerenga mpaka zitatu kwasanduka zolaula liti?

Ndinayamba kuchotsa. Kamodzikamodzi, ndi chala chathukuta, pa sikirini yosweka pakona, ngati mayi akusankha miyala mu mpunga. Kena kamabisala mkati mwa tebulo, ine n'kukapeza, n'kukauza kuti "wagwidwa". Achimwene anandiitana: "Bwerani tidye, chambo chizizira." Ndinayankha osadzutsa mutu kuti, "Achimwene, idyani, ine ndikuombola makolo." Wakabaza wina anaima kuti aone chomwe chikundisekeretsa, ndinamuonetsa, anagwedeza mutu mwaulemu n'kupalasa. Nditafika pa kanyenyezi komaliza ndinakayang'ana kaye nthawi ndithu, n'kukapatsa mpata wolapa, kenako fufutu.

Mtima utakwera, ndinaonjezerapo nzeru. Ndinafufuta ntu n'kulemba mundu, chifukwa umu ndi momwe amanenera agogo anga a ku Makanjira, ndipo munthu wakale kuposa iwo sindinamuonepo. Pofunika umboni ndinalemba kuti: agogo anga. Pa kabokosi kofotokozera zomwe wasintha: "Ndatsuka mawu a makolo athu."

Ntchito ya maola awiri anaibweza ndisanamalize n'kusamba m'manja komwe. Munthu wosamudziwa, kaya ali dziko liti, anandilembera mwaulemu wopweteka kuposa mbama. Akuti kanyenyeziko kamatanthauza kuti liwulo palibe analimvapo kapena kulipeza litalembedwa. Akatswiri amaika pamodzi munthu wa Chichewa, mundu wa Chiyawo, mtu wa Chiswahili ndi umuntu wa Chizulu, n'kuona momwe mamvekedwe amasinthira mobwerezabwereza m'mawu ambiri, n'kulondola kuti gwero lake linali *ntu. Carl Meinhof anayala maziko a ntchitoyi mu 1899, Malcolm Guthrie n'kudzadzaza mabuku anayi pakati pa 1967 ndi 1971, yemwe uja anapatsa Chichewa nambala N31 ndi Chiyawo P21 ngati ma minibasi. Kunena kwina, ine ndinatenga mawu ongolondola n'kulengeza kudziko lonse kuti alipo anawajambula pa kaseti.

Apa munthu wanzeru akanazimitsa foni. Ine manyazi atandigwira ndinathamanga kukabwezera tinyenyezi, osazindikira kuti atibwezera kale. Mawu ena anakhala ndi tiwiritiwiri. Choipitsitsa, pa Wikipedia ukayamba mzere ndi kanyenyezi, kamasanduka kadontho ka mndandanda. Chiyankhulo cha makolo chinaoneka ngati kapepala kotumira mwana kumsika: nyama, zitatu, munthu mmodzi.

Koma tinene chilungamo. Katswiri Wilhelm Bleek atatenga liwu loti Bantu, lotanthauza anthu, n'kulisandutsa dzina la ziyankhulo zonsezi, anafunsa agogo a ndani? Ndipo mundu wa agogo ali m'gulu la umboni womwewo, munthu uja anautchula yekha. Ndinalakwitsa malo oulemba basi. Komanso ngati kanyenyezi n'kofunika chonchi, akanatha kukakulitsako, ena mafoni athu ndi osweka.

Chomwe chimandisowetsa tulo n'choti mbiri ya zosintha siifufutika, ndipo ndinalembetsa ndi dzina lomwe mumanditchula ku bawo lija.

Sabata yatha ndinapita ku Makanjira n'kuwauza agogo kuti dzina lawo linakhala pa intaneti mphindi zingapo monga katswiri wa ziyankhulo zakale. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana chikwama changa, n'kufunsa ngati shuga uja ndabweretsa.

Sindinabweretse.