Kulembetsa dzina ndi nkhope ya malemu ku California

Banja likabwera kudzadandaula kuti nkhope ya malemu bambo awo yasindikizidwa pa matisheti, sindithamangira kulemba kalata yoopseza. Ndimayamba ndafunsa kuti malemuwo ankakhala kuti mokhazikika pa nthawi imene anamwalira. Ku America malamulo a nkhaniyi amasiyana dera ndi dera. California imateteza dzina, mawu, siginecha, chithunzi ndi maonekedwe a womwalira kwa zaka 70, Indiana zaka 100, pomwe New York ndi zaka 40, komanso kwa okhawo amene anamwalira kuyambira pa 29 Meyi 2021. Oyang'anira chuma cha malemu Marilyn Monroe, katswiri wa mafilimu, anapsa nazo zimenezi. Pothawa msonkho wa ku California ankanena kuti mayiyu kwawo kunali ku New York, ndipo mu 2012 khoti la apilo linakana kuti asinthe mawu n'kunena kuti kwawo kunali ku California. New York nthawi imeneyo sinkateteza akufa, choncho anabwerako chimanjamanja.

Ndikatsimikiza kuti ndi California, ndimatsegula gawo 3344.1 la Civil Code, buku la malamulo a deralo, n'kufufuza mwini ufulu. Ngati pali wilu kapena mgwirizano umene malemu anasaina, umenewo ndiwo umalamula. Popanda zimenezo, mkazi kapena mwamuna wotsala amatenga theka, ana n'kugawana theka linalo. Makolo amalowapo pokhapokha ngati palibe wotsala m'banja, mwana kapena mdzukulu. Apa ndimachedwapo dala, chifukwa ochitapo kanthu ayenera kukhala ndi gawo loposa theka. Mayi wamasiye amene ali ndi theka lenileni sangayende yekha, afunika mwana mmodzi agwirizane naye. Mabanja osamvana amatitimira pomwepa.

Kenaka fomu yolembetsera ufuluwu ku ofesi ya boma la California yotchedwa Secretary of State. Ndi yaifupi: dzina la malemu, tsiku lomwalira, dzina ndi adiresi ya wolembetsa, kumene ufulu wake wachokera, ndi ufulu umene akunena kuti ndi wake. Ndimakopera dzina ndi tsiku kuchokera pa setifiketi ya imfa, osati pamtima, popeza wolembetsa amasaina kutsimikiza kuti zonse ndi zoona ndipo zimaikidwa pa intaneti.

Fomuyi ambiri amaiderera. Koma lamulo limati palibe chipukutamisozi pa zonse zimene wamalonda anachita musanalembetse. Matisheti 5,000 atagulitsidwa mu Januwale, inu n'kulembetsa mu Malichi, ndalama za Januwale zapita basi. N'chifukwa chake ndimalembetsa ngakhale asanapezeke wolakwa aliyense.

Ndisanalembe kalata ndimagula katundu mmodzi, kusunga lisiti, ndi kujambula malonda onse tsiku likuoneka. Ndimaonanso ngati chinthucho chilidi malonda, chifukwa buku, nyuzipepala, sewero, filimu, nyimbo, kapena chojambula chimodzi cha mmisiri, kawirikawiri lamulo silizigwira.

M'kalatamo ndimalemba tsiku lolembetsa, katundu amene ndikunena, ndi tsiku loti akhale atasiya. Ndimatchulanso zimene khoti lingagamule: madola 750 kapena zimene banja lataya, chimene chili chachikulu, kuonjezapo phindu limene wapeza ndi nkhopeyo. Akakana, ndimakhala pansi ndi banja tisanasume, chifukwa pa lamuloli woluza mlandu ndiye amalipira loya wa mnzake, ngakhale woluzayo atakhala amasiye.