Matabwa a chogwirira cha Blackhawk yanga: plow handle kapena Bisley?

Anzanga, pomwe ndafika ndi kantchito kanga kosema matabwa a chogwirira cha mfuti yanga ndi apa. Thabwa lakumanzere latsala pang'ono kutha, lakumanja ndalisiya dala lokhuthala, tupa ndayamba ndayika pansi kaye chifukwa ndimafuna ndimvetsetse kuti dzanja langali likufuna chani kwenikweni ndisanadye mtengo woti sungabwererenso. Mfuti yake ndi Ruger Blackhawk ya zipolopolo za .45 Colt, single action, ija umayamba wakoka hamala, kachitsulo kakumbuyo komenya chipolopolo, ndi chala chachikulu kenako ndiye nkukhethemula, ndipo umatero pa chipolopolo chilichonse. Nchifukwa chaketu nkhani ya chogwirira pa mfuti zimenezi ndi yaikulu kuposa pa mfuti zina, dzanja silikhala malo amodzi ayi, chala chachikulu chimakwera nkutsika nthawi zonse, ndiye chogwiriracho chikhale choti chikulola zimenezo.

Chomwe chili pa yangayi ndi cha mtundu womwe kuno ku America amautcha plow handle, chokhota pang'onopang'ono kenako nkutambasuka kumunsi ngati belu. Mtundu umenewu unatchuka ndi Colt Single Action Army yomwe asilikali a America anayitenga mu 1873, koma Colt sanachite kuyamba chatsopano, anatenga maonekedwe ndi msinkhu wa chogwirira cha 1851 Navy, mfuti ya onga wothira kutsogolo kwa silinda, chozungulira chija chomwe mumalowa zipolopolo. Pakati pa ziwirizi panali 1860 Army yomwe chogwirira chake ndi chotalikirapo, ndipo mpaka lero alipo anthu a manja akuluakulu omwe amafuna cha Army chimenecho pa mfuti zawo za Uberti kapena Pietta zochokera ku Italy. Ruger atayamba Single-Six mu 1953 ndi Blackhawk mu 1955 anatengera pafupifupi msinkhu womwewo wa Colt, ankachitcha XR3, kenako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anachisintha nkusiya mpata wokulirapo kuseri kwa chitsulo chotchinga trigger, kachitsulo kokhethemulira kaja, nkuchitcha XR3-RED. Yangayi ili ndi chimenecho.

Tsono plow handle amagwira ntchito chonchi. Ukawomba, mfuti siikukankha molunjika m'chikhatho, imagudubuka. Mpope umadzuka kuloza kumwamba, chogwirira chimatsetsereka kulowa pansi m'dzanja, ndiye hamala imabwera yokha pafupi ndi chala chachikulu, iwe kungoyikoka uku mpope ukutsika. Ukazolowera zimakoma kwabasi, dzanja silimva kupweteka chifukwa mphamvu ija yathera mu kugudubukako. Ine kachala kotsiriza sikakwana pa chogwirira, ndimakapinda pansi pake, ndipo ndapeza kuti ndi komwe kamandithandiza kubwezera mfuti pamalo pake ikagudubuka. Vuto lake ndi lomwelonso, poti mfuti yasuntha m'dzanja uyenera kuigwiranso bwino musanawombe china, ndipo ukagwira mosiyana pang'ono pokha, m'mwamba kapena m'munsi, chipolopolo chimakagwanso pena. Pa pepala langa la chandamale pa mayadi 25 zimaoneka bwinobwino, mabowo amandandalika kuchokera pamwamba kutsika pansi osati kumbali.

Ku malo owomberako komwe ndimapita kuli mdala wina wofatsa kwambiri, wakhala ndi mfuti zimenezi kuyambira ali mnyamata, ndiye ataona pepala langa anangotsegula chikwama chake nkundipatsa Ruger Bisley yake, nayonso ya .45 Colt, kuti ndiyese ndi zipolopolo zanga zomwe. Abale inu, kusiyana kwake umakumva usanawombe nkomwe. Chogwirira cha Bisley chimakwera m'mwamba kuseri kwa hamala kenako nkutsika chowongoka, chachitali moti zala zonse zinakwana mpaka kachala kotsiriza kaja, hamala yake ndi yotsika komanso yotakata, chala chachikulu chimaipeza osasuntha dzanja. Nditawomba mfuti sinagudubuke, inandikankha molunjika pakati pa chikhatho mpaka kumva m'mkono, nkubwerera pomwe inali. Mabowo anasonkhana bwino kuposa ndi yanga, zimenezo sindingabise. Komanso njolemererapo chifukwa fulemu ya chogwirira chake ndi yachitsulo pomwe ya Blackhawk yabuluu ngati yangayi ndi ya aluminiyamu, ndiye kulemerako nakonso kumameza mphamvu ina.

Apa ndichedwepo pang'ono chifukwa anthu ambiri amasokoneza, Bisley ya Colt ndi Bisley ya Ruger sizofanana. Ya Colt inatuluka mu 1894, dzina analitenga ku Bisley ku England komwe kumachitikira mipikisano yowombera chandamale, ndipo anaipangira kawombedwe ka nthawi imeneyo, dzanja limodzi, chigongono chopinda pang'ono. Nchifukwa chake chogwirira chake chimakhota kwambiri kulowa mkati pansi pa mfuti, ukachigwira lero ndi mkono wowongoka mpope umafuna kuloza pansi. Anasiya kuipanga mu 1915. Ya Ruger inabwera m'zaka za m'ma 1980 ndipo imafanana kwambiri ndi mfuti ya Elmer Keith yotchedwa No. 5, yomwe inapangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 pophatikiza msana wa chogwirira cha Bisley ndi kutsogolo kwa Single Action Army, ya .44 Special. Keith ndi yemwe uja anakakamira zipolopolo zamphamvu mpaka .44 Magnum inabadwa m'ma 1950, ndiye sizodabwitsa kuti maonekedwe omwe iye anawakonda ndi omwe amapirira mphamvu. John Linebaugh, mmisiri wa mfuti wa ku Wyoming, naye popanga .500 Linebaugh ndi .475 Linebaugh ankamangira pa Ruger Bisley, mfuti zoti zikanakhala ndi plow handle zikanagudubuka mpaka hamala kukumba pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala.

Mdala uja anandionetsanso pomwe Bisley imavuta ena, mpata wa kuseri kwa chotchinga trigger ndi wochepa, ndiye wa zala zonenepa chitsulo chimatha kumugogoda pa mfundo ya chala chapakati. Nkhani yomweyi imakambidwanso za Ruger Super Blackhawk ya 1959 ija ili ndi chotchinga chamakona kumbuyo, ena amachikonda kwambiri poti chogwirira chake ndi chachitali, ena akuti chimawamenya chala. Manja ndi osiyana basi, mdalayo zala zake ndi zazitali zowonda, zanga ndi zazifupi chikhatho chotakata.

Mtundu wina wa chogwirira, bird's head, ndangoigwirako, sindinachedwe nayo. Ndi ija yozungulira kumunsi yopanda kona, maonekedwe ake anachokera pa Colt ya 1877 yomwe inali double action, yotha kuwomba osayamba wakoka hamala, masiku ano amaiyika pa ma single action a mpope waufupi. Njokongola, siikola malaya ukaivala m'chiuno, koma m'dzanja langa palibe pomwe kachala kotsiriza kangakole ndiye kwa ine ayi.

Ndiye ndaganiza bwanji? Ndikhala pa plow handle. Ndikudziwa kuti pepala linakomera Bisley, ndipo ndikanakhala kuti ndimasaka nguluwe kapena agwape ndi zipolopolo zolemera za magreni (muyezo wa kulemera kwa chipolopolo) 300 kupita m'mwamba sindikanalimbana nazo, Bisley basi. Koma ine ndimawomba zipolopolo zamtovu za magreni 250 zothamanga mwapakatikati, pafupi ndi zomwe mfutiyi inabadwa nazo kalelo, ndipo pa mphamvu imeneyo kugudubuka kuja sikupweteka, ndi komwe kumandisangalatsa pa mfuti imeneyi. Kusintha kupita ku Bisley sikungosintha matabwanso ayi, pamafunika fulemu ina, hamala ndi trigger zake, ndi mmisiri woti azigwirizanitse, ndalama yake bola kungogula mfuti ina. Chomwe Bisley yandiphunzitsa ndi chakuti vuto la mabowo anga ndi dzanja losabwerera pamalo amodzi, ndipo zimenezo matabwa osemedwa bwino angathandize.

Nchifukwa chake ndasintha kasemedwe. Kumtunda, kuseri kwa trigger komwe chala chachikulu ndi chapakati zimakumana, ndikupepula kuti zala zizungulire bwino, izi ndatengera ku matabwa omwe a mpikisano wowombera wa cowboy action amawakonda otchedwa gunfighter. Koma thabwa lakumanja pakati pake ndikusiya kamimba kakang'ono kolowa m'dzenje la chikhatho, kuti mfuti ikagudubuka nkubwerera dzanja lizipeza pokhazikika pomwe paja. Ndimapaka choko m'chikhatho nkugwira, pomwe choko chadetsa kwambiri ndi pomwe pakukanikiza, ndiye ndimadyapo ndi tupa pang'ono, nkugwiranso, choncho. Zonsezi mfuti ili yopanda kanthu, silinda ndimachita kuichotseratu nkuiyika m'kabati, zipolopolo zili kwina kokhoma. Kumunsi, kona yakuthwa ija ndaiwundula pang'ono kuti isadye kachala kotsiriza, koma osati kwambiri chifukwa kutambasuka kuja ndi komwe kumaletsa mfuti kupulumuka m'dzanja.

Za kudinda timizere togwira pa thabwa ndakana. Plow handle amafuna kutsetsereka, ukamuika timizere takuthwa kapena labala amagwira khungu nkumalikoka, matuza osachedwa. Akhale wosalala ngati mpini wa khasu womwe wagwira ntchito zaka zambiri, wosalala koma wosaterera. Ndiye vanishi wonyezimira sindipaka, thukuta likabwera amaterera moipa, ndipaka mafuta a linseed owiritsa, pang'onopang'ono ndi chala, kupukuta, kudikira aume nkubwerezanso. Walnut, mtengo womwe ndikusemawu, ndi wakuda bwino, mizere yake ikuyenda motsata kukhota kwa chogwirira, ngakhale mumtima ndimalakalaka kachidutswa ka mlombwa wakwathu, kufiira kwake pa chitsulo chabuluu kukanakhala bwino zedi.

Chatsala chovuta ndi kabowo ka kapini kogwira thabwa kumunsi kwa fulemu, kakangosemphana pang'ono thabwa limagwedera ukawomba ndipo m'mphepete simugwirizana ndi chitsulo. Lakumanzere kalowa ndendende. Lakumanja ndiboola kumapeto kwa sabata ino, kenako sandipepa wa 220 mpaka 400, ndipo mafuta ndisanapake ndikayesa kaye matabwawo ali osapaka pa mayadi 25 omwe aja ndi zipolopolo zomwe zija, kuti ngati kamimba kaja kakula ndikachepetse nthawi idakalipo.