Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Lamulo lomwe silinalembedwe paliponse

Monga ndinafotokozera m'gawo lapitali, ndinayamba ntchito ya ukalaliki ndili ndi zaka 22, ndipo tsiku loyamba anandipatsa kabuku ka malamulo a kampani, komwe ndinakawerenga konse usiku womwewo. Mwezi usanathe ndinazindikira kuti lamulo lomwe linkatilamulira kwenikweni munalibe m'kabukumo.

Nthawi yoweruka inali 5 koloko, koma panalibe wonyamuka abwana asanatuluke. Tsiku lina nditamaliza ntchito ndinakhoma kabati n'kutenga chikwama changa. Palibe anandidzudzula. Mayi wina amene tinkakhala moyandikana anangodzutsa mutu, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma, kenaka n'kuweramiranso pa mapepala awo, ndipo m'chipinda monse munangoti zii. M'mawa mwake anzanga anandiyankha moni monyinyirika, moti kuyambira pamenepo nanenso ndinkakhala mpaka kachisisira, ndikungotembenuza mafayilo omwe ndinali nditathana nawo kale.

Chomwe chimandiwawabe mumtima n'chakuti patatha chaka, mnyamata wina watsopano atanyamuka 5 koloko, amene anayang'ana wotchi ija ndinali ine. Palibe anandituma, ndinali nditasanduka mlonda wa lamulo lomwe ndinkadana nalo.

Chaka chomwecho ndinawerenga za kafukufuku yemwe Solomon Asch, katswiri wa za maganizo ndi khalidwe la anthu, anafalitsa ku America mu 1951. Iye ankaonetsa kagulu ka anthu mizere kuti anene wofanana kutalika ndi mzere wina, koma onse, kupatula mmodzi amene ankayesedwa, anali atapangana naye kuti nthawi zina azipereka yankho lolakwika. Mwa anthu oyesedwawo, pafupifupi atatu mwa anayi alionse anatsatira gulu kamodzi kapena kuposerapo, ngakhale kuti yankho loona linali poyera. Komatu chomwe chinandigwira mtima ndi ichi: pakapezeka mnzawo mmodzi yekha wonena zoona, ambiri ankalimba mtima n'kunena zomwe maso awo akuona.

Ndinapita kwa mnyamata uja kukapepesa, ndipo tinagwirizana zomaweruka limodzi nthawi ikakwana, bola ntchito ya tsikulo yatha. Masiku oyamba miyendo inkandilemera pofika pakhomo. Sabata yachitatu tikutsika masitepe tinamva mapazi kumbuyo kwathu, ndipo titacheuka tinaona mayi aja. Anatiuza motsitsa mawu kuti kwa zaka zinayi mwana wawo ankagona asanamuone, ndipo iwo ankaganiza kuti mu ofesi monse wovutika ndi lamuloli anali iwo okha.