Sabata ya odwala ogwa mwadzidzidzi

Lolemba m'mawa anatibweretsera mnyamata amene anagwa ali kuntchito. Pofika kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi anali atatsitsimuka, koma ali mbuu, osadziwa kumene ali. Anzake awiri ankatsutsana pamaso panga. Wina akuti anaphupha thupi lonse, wina akuti anangokomoka basi.

Pa nkhani zotere timayamba ndi shuga wa pachala, chifukwa shuga akatsika kwambiri munthu amagwa ngati wakhunyu. Wake anali bwinobwino. Asisitala anatenga magazi pasanathe mphindi 40 chigwereni, ndipo lactate, asidi wina wopezeka m'magazi, inatuluka 7 mmol/L, pamene mwa munthu wabwino siifika pa 2. Minofu ikakokana mwamphamvu imagwira ntchito mpweya usakukwanira, ndiye imatulutsa lactate yambiri, kenako chiwindi chimaichotsa pa ola limodzi kapena awiri. Titayezanso masana inali itatsika yokha popanda mankhwala. Kukwera ndi kutsika kotereku, kuphatikiza bala la m'mbali mwa lilime pamene anadziluma, kunandikhutiritsa kuti wa kuphupha uja ndiye ankanena zoona.

Lachiwiri kunali mabala ndi malungo, palibe wogwa.

Lachitatu kunabwera mayi wina patatha maola 5 chigwereni. Lactate yake inali yabwinobwino, ndipo dokotala wophunzira amene ndili naye mwezi uno anafuna kulemba kuti si khunyu. Ndinamufunsa kuti mayiwo anagwa nthawi yanji. Atayang'ana pa fayilo anaseka yekha. Pa maola amenewo lactate imakhala itatha kale, yatsala ndi CK, puloteni yotuluka m'minofu ikavulala, imene imachedwa kukwera mpaka tsiku limodzi kapena awiri. Koma CK nayonso ndi mboni yosadalirika, imakwera ngakhale munthu atangomenyetsa thupi pansi kapena atabayidwa jakisoni wa m'mnofu. Chinatithandiza ndi foni ya mwana wawo. "Adokotala, ndinajambula pang'ono, kaya zithandiza," anatero mwamanyazi. Vidiyoyo inaonetsa thupi likuuma kaye kenako n'kuyamba kugwedezeka, maso ali otsegula. Zinathandiza kuposa botolo lililonse limene tinatumiza ku labu tsiku limenelo.

Lachinayi tinakangana za prolactin, homoni yothandiza thupi kupanga mkaka wa m'mawere. Wophunzira uja anali atawerenga kuti bungwe la American Academy of Neurology linanena mu 2005 kuti prolactin ingathandize kusiyanitsa khunyu ndi kugwa kochokera m'maganizo. N'zoona, koma magazi ake ayenera kutengedwa pakati pa mphindi 10 ndi 20 munthu atagwa, ndipo ndi odwala angati amene amatipeza msanga chotero? Komanso imakwera mwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, mwa amene akumwa mankhwala a matenda a maganizo a haloperidol ndi risperidone kapena oletsa kusanza a metoclopramide, ngakhalenso mwa munthu amene wangokomoka. Ine sindiitanitsa kawirikawiri. Ikatuluka yotsika anthu amafulumira kunena kuti wodwala akunamizira, chonsecho kugwa kochokera m'maganizo ndi matenda enieni, ndipo khunyu lina silikweza prolactin n'komwe.

Madzulo omwewo bambo wina wachikulire anakomoka n'kugwedezeka kangapo, abale onse akuti khunyu. Anatsitsimuka pasanathe mphindi, mutu uli bwino, lactate yosakwera. Makina oyezera kugunda kwa mtima a ECG anaonetsa mtima ukugunda pang'onopang'ono kwambiri, ka 34 pa mphindi. Tinawatumiza kwa a mtima, osati kwa a ubongo.

Lachisanu tinalandira mtsikana wodziwika kale kuti ali ndi khunyu, ataphupha kopitirira mphindi 5, ndiye tinamupatsa mankhwala oletsa kuphupha a diazepam n'kuleka. Lactate inali pamwamba monga tinkayembekezera, koma patatha maola atatu inali isanatsike. Apa sitinganamizirenso kuphupha kuja. Thupi linali litayamba kutentha, khosi louma, ndiye tinakayikira matenda oumitsa khosi. Tinatenga magazi okafufuza tizilombo, tinayamba mankhwala opha tizilombo a ceftriaxone nthawi yomweyo, ndipo ndinasiyira anzanga ausiku kuti akamutenge madzi a pamsana akangokhazikika.