Rdaka-rdaka, sabata ya 9: manja akuyenda koma mutu ukutsalira

Abale ndabweranso ndi nkhani yanga ya manja ija. Kwa amene mwangondipeza kumene, kuyambira mu Epulo ndakhala ndikudziphunzitsa ndekha chinenero chamanja cha anthu a mtundu wa Warlpiri a ku Australia. Eni ake amachitcha rdaka-rdaka, rdaka kwawoko ndi dzanja. Anthuwa amakhala cha kuchipululu cha Tanami ku Northern Territory, m'midzi ngati Yuendumu, Lajamanu, Willowra ndi Nyirrpi. Yuendumu yo ili pafupifupi makilomita 300 kuchokera ku Alice Springs, kutali ndithu.

Ripoti la sabata ino si labwino kwenikweni. Ndinadziuza kuti pofika lero ndikhale ndi zizindikiro 150, koma m'kope muli 112 basi, ndipo zomwe ndingachite osasuzumira m'kopemo ndi mwina 60. Chifukwa china ndi bandulo yomwe inatha Lachitatu vidiyo ili pakati, china ndi magetsi, koma chachikulu ndi choti ndakhala ndikuphunzira mobwerera chagada milungu yonseyi osadziwa.

Ine poyamba ndimaganiza kuti chinenero chamanja chilichonse ndi cha anthu osamva, ngati chomwe timaona womasulira akuchita pakona pa TV nthawi ya nkhani. Ndiye ndimangoloweza kapindidwe ka zala, ichi madzi, ichi moto, ichi galu, ngati ndikuloweza mbendera za mayiko. Kumeneko ndiye kunali kulakwa. Rdaka-rdaka ndi ya anthu akumva bwinobwino, olankhulanso bwinobwino, ndipo akatswiri ake enieni ndi amayi achikulire. Mwamuna kapena wachibale wapafupi akamwalira, mwamwambo wawo mayi wofedwa amaletsedwa kulankhula ndi pakamwa, pena miyezi ingapo pena kupitirira chaka, ndipo nthawi imeneyo amakhala ku jilimi, komwe kumakhala akazi amasiye ndi osakwatiwa. Moyo suima eti, pafunika kutuma mwana, kufunsa zakudya, kudandaula, ngakhale miseche imene, ndiye zonsezo zimadutsa m'manja. Ofufuza za chikhalidwe Baldwin Spencer ndi Frank Gillen atafika kwa a Warumungu, mtundu woyandikana ndi a Warlpiri, ku Tennant Creek mu 1901 anapezako gogo wina yemwe anali atatha zaka zoposa 25 osatulutsa mawu, nthawi ya maliro inatha kalekale koma iye anangopitiriza ndi manja. Ndinawerenga kawiri pamenepo.

Tsono popeza amene amachigwiritsa ntchito ndi anthu oti Chiwarlpiri chili kale m'mutu, manjawo amatsata mawu apakamwa. Adam Kendon, yemwe anayamba kafukufuku ku Yuendumu mu 1978 n'kudzatulutsa zomwe anapeza mu 1988, anasonkhanitsa zizindikiro pafupifupi 1,500 za Chiwarlpiri chokha, ndipo anaonetsa kuti chizindikiro chimaimira liwu kapena chiduswa cha liwu, osati chithunzi cha chinthucho ayi. Liwu likakhala lophatikiza awiri, manjanso amaphatikiza zizindikiro ziwiri. Liwu likakhala lobwereza, ngati rdaka-rdaka yemweyu, kawirikawiri dzanjanso limabwereza. Ndiye ine amene sindidziwa chilankhulocho ndimamanga denga popanda zipupa. Nkhopenso sigwira ntchito yaikulu ngati mmene imachitira ku Auslan, chinenero cha anthu osamva a ku Australia, ndipo zambiri ndi za dzanja limodzi, mayi atha kunyamula mwana uku akucheza. Ine ndimakwinya nkhope ndi kutukula nsidze pagalasi kumayesa ndikukometsera, kalanga ine.

Choncho kuyambira Lachinayi ndasintha. Tsamba lililonse ndalidula pakati, kumanzere liwu la Chiwarlpiri, kumanja kajambulidwe kanga ka dzanja (kajambulidwe komvetsa chisoni, mwana wanga akuti ndi chinangwa). Ngapa madzi, warlu moto, kurdu mwana, karnta mkazi, wati mwamuna, ngurra pakhomo, marlu kangaroo, yuwayi eya, lawa ayi kapena palibe. Ndikutchula liwulo chamumtima dzanja likamayenda. Zikuchedwa koma zikukhazikika.

Gawo lomwe landitengera mtima sabata ino ndi la ubale. M'zinenero zamanja za Aaborijini, eni nthaka a ku Australia monga a Warlpiriwa, wachibale amamusonyeza pathupi pako pomwe. Mayi ndi bere, zimenezo n'zomveka ndipo zimapezeka m'mitundu yambiri. Kwa a Yolngu a ku Arnhem Land, kumpoto kunyanja uko, bambo ndi phewa, m'bale wako ndi mwendo cha kukatumba, mwamuna kapena mkazi wako ndi chiuno. Thupi lonse limasanduka mudzi. A Yolngu wo chawo chimasiyanako, amachigwiritsa ntchito akumva ndi osamva omwe, koma ndinalembabe m'kope pamasamba akumapeto kuti ndisasakanize. Pa Chiwarlpiri pali mutu winanso, anthu onse amagawidwa m'magulu 8, dzina la mwamuna limayamba ndi J la mkazi ndi N, Jakamarra ndi Nakamarra, Jangala ndi Nangala, Japaljarri ndi Napaljarri, choncho choncho, ndipo gulu lako ndi lomwe limanena woti ungakwatire ndi woti uzimupewa. Zopewa apongozi zilikonso kumeneko, mkamwini salankhula nawo maso ndi maso. Apa ndinaseka ndekha chifukwa agogo anga aamuna ankapatuka kulowa patchire akaona apongozi awo akubwera panjira, moni amaperekera chapatali atanyonyomala. Ife tinathana nazo ndi mtunda ndi kutumiza mwana, anzathuwa anawonjezerapo manja.

Amuna a Chiwarlpiri nawo manjawa amawadziwa ndithu, posaka nyama kuti isamve phokoso, polankhulana patali, komanso anyamata akakhala kuchinamwali, kungoti safika pa amayi aja. Zachinamwalizo sindikuzifufuza dala, si zanga, ngati mmene sindingakondwere mlendo akufukula za kudambwe pa intaneti.

Mavidiyo ambiri omwe ndikuonera ndi a pulojekiti ya Iltyem-iltyem, yomwe katswiri wa zinenero Jennifer Green anagwira ndi eni zinenerozo. Dzinalo ndi la Chianmatyerr, anthu oyandikana ndi a Warlpiri cha ku Ti Tree, ndiye ndimasamala kulemba pambali kuti chizindikiro ichi ndachitenga kwa ndani, chifukwa zina zimafanana zina ayi. A pulojekitiwo amachenjezanso kuti mutha kuona nkhope za anthu omwe anamwalira, pakuti kumeneko dzina la womwalira silitchulidwa kwa nthawi, amene ali ndi dzina lofanana nalo amayamba kuitanidwa Kumunjayi. Poyamba chenjezolo ndimangolidumpha, pano ndimaima kaye pang'ono.

Vuto lina laling'ono, kamera ya foni yanga imatembenuza chithunzi, ndiye ndatha milungu iwiri ndikudzikonza pomwe sindinalakwe. Ndazimitsa zimenezo.

Chomwe chagwira msanga pakhomo pano ndi chofunsira, kutembenuza dzanja mwachangu kutanthauza chiyani, kuti, zikuyenda bwanji. Dzulo ndili pakhonde mwana wanga akuchokera kumpira, ali kutali cha kumpanda ndinamutembenuzira dzanja, iye osaima n'komwe anandiyankha lawa. Agoletsedwa 3 kwa 0. Amayi ake anangoti inu awiri mwayamba ufiti.

Sabata yamawa sindiwonjezera chizindikiro chatsopano ngakhale chimodzi. Ndibwerera pa 52 zomwe zikuthawa zija, chilichonse ndichipezere liwu lake kaye, kenako ndiyese kulumikiza ziwiri zitatu ngati kurdu ndi ngapa, mwana akufuna madzi. Bandulo ndigula ya mwezi ulendo uno.